Phokoso Lolowera Pakhomo

  Nkhani yathu ya lero ndaitola ku Makuzi, m'boma la Nkhata Bay, ndipo ikuyambira pa ukwati.

Udali mwezi wa July, mwera uli pachimake, m'mudzi wina kumtunda kwa msewu wa M5. Anyamata a zoimbira adalawirira ndi katundu wawo yense: masipika anayi otalika ngati munthu, ampu, mikisa ndi laputopu, jenereta n'kukaibisa kuseri kwa mtengo wa mango. Nyimbo zikamasweka sumamva vuto lililonse. Koma woyendetsa mwambo akangozitsitsa kuti aitane akuchimuna adzafupe, pansi pa mawu ake pamamveka kulira kwina, ngati njuchi zatsekeredwa m'chitini. Mnyamata wa pa laputopu akagwedeza chala posankha nyimbo, njuchi zija zimasintha mawu, n'kuyamba kuimba mluzu. Aliyense adasanduka dokotala. Wina adati ndi netiweki. Wina adati mwera wakwiya. Gogo wina adang'ung'udza kuti si onse obwera pa ukwati amene amabwerera chimwemwe. Kenaka mtsikana wina, amene ndidamva kuti adaphunzirako zamagetsi, adadzuka mwaulemu, n'kugwada pafupi ndi tebulo, n'kuzula chaja ya laputopu. Zii! Njuchi zonse zidafa nthawi yomweyo, perekaniperekani n'kupitirira.

Chiyambire tsiku limenelo ndidasiya kufulumira kuloza chala kutali. Phokoso lambiri limene timanamizira netiweki, mphepo kapena anthu ansanje limabadwira m'makina mwathu momwemo. Ndipo lili ndi khomo lake lolowera: pamalo pamene mawu akusandutsidwa manambala, kapena pamene manambala akubwezeredwa kukhala mawu.

Tiyeni titsikire kunyanja kuti timvane bwino. Imani pagombe la Makuzi, pakati pa miyala ija, muzike ndodo m'madzi. Funde likabwera madzi akwera pandodo, likabwerera atsika. Sadumpha ayi, amangoyenda mosadukiza. Mawu a munthu nawonso ndi funde, lamumpweya, ndipo maikolofoni imalisandutsa funde lamagetsi lokwera ndi kutsika chimodzimodzi. Ameneyu ndiye analogi. Koma foni yanu ndi kompyuta sizidziwa funde, zimadziwa manambala basi. Ndiye pamafunika mlembi woima pandodo paja, amene aziyang'ana madzi pafupipafupi n'kumalemba kuti tsopano ali pa 7, tsopano pa 9, tsopano pa 6. Mlembi ameneyu akatswiri amamutchula ndi zilembo zitatu, ADC. Manambalawo akayenda ulendo wawo n'kufika kwa womvera, amapezanso mmisiri wina amene amawawerenga n'kuumbanso funde loti sipika ilize. Ameneyo ndi DAC. Liwu lililonse limene mwalankhulapo pa foni yam'manja ladutsa m'manja mwa awiriwa.

Nzeru imeneyi si ya dzulo. Mngerezi wina, Alec Reeves, adaiganizira mu 1937 akugwira ntchito ku Paris, makina oti aichite mosavuta asadapangidwe n'komwe. Pa matelefoni adijito, mlembi uja amayang'ana pandodo ka 8,000 pa sekondi imodzi. Pa CD ya nyimbo amayang'ana ka 44,100, ndipo ndodo yake ili ndi timizere 65,536. Taganizirani zimenezo. Ngati ndodo yonse ikuimira volti imodzi, kamzere kamodzi ndi magawo 15 okha mwa magawo miliyoni a voltiyo. Mlembi wamaso akuthwa chonchi saphonya kanthu, ndipo vuto lake ndi lomwelo. Sadziwa kusiyanitsa mawu a mkwati ndi kulira kwa chaja. Chilichonse chimene chagwedeza madzi pandodo, iye amalemba. Akalemba walemba, phokoso lija lasanduka nambala, ndipo lidzayenda mokhulupirika mpaka ku Johannesburg limodzi ndi mawu anu.

Asodzi a usipa andimva msanga apa. Siginala, msodzi wokopa usipa uja, akapalasira pakati pa nyanja ndi nyali zake, amafuna usiku wamdima. Mwezi ukakhala wathunthu nyali zija zimawalabe monga kale, koma usipa susonkhana, chifukwa kuwala kwakukulu kwameza kwakung'ono. M'foni mwanu, mbali yolandira mawu kuchokera ku maikolofoni ili ngati nyali ya siginala, mphamvu yake ndi yochepetsetsa, tizigawo ta volti. Mbali yoliza sipika ili ngati mwezi, mphamvu yake ikhoza kuposa inzakeyo ka 1,000. Tsono opanga mafoni, pofuna kuti foni ichepe thupi ndiponso mtengo, amaika ADC ndi DAC m'kachipangizo kamodzi kosafika kukula kwa chikhadabo. Awiriwa amamwa magetsi pachitsime chimodzi, amabwezera magetsi panjira imodzi, amamvera wotchi imodzi. Ndi mitala yogona m'nyumba imodzi imeneyi. Wina akatsokomola mnzake amadzidzimuka. DAC ikakoka magetsi mwamphamvu kuti sipika igunde besi, magetsi a m'nyumba monse amagwedera pang'ono, ndipo ADC imalemba kugwederako ngati kuti ndi mawu. Pafupi pomwepo palinso mawaya a dijito amene akuyaka ndi kuzima kambirimbiri pa sekondi, ndipo kuyaka kulikonse kumathothera kamphamvu pa waya woyandikana nawo, ngakhale awiriwo sakukhudzana.

Pali chinthu china chodabwitsa, chimene ine chidanditengera nthawi kuti ndichimeze. Chaja ya foni kapena ya laputopu, inveta ya sola, ngakhale timababu tina ta LED, zimadula ndi kulumikiza magetsi maulendo zikwi makumi angapo pa sekondi. Khutu la munthu limalekezera pafupifupi pa 20,000, ndipo ife achikulire tidatsika kalekale. Nanga phokoso loposa khutu timalimva bwanji? Bwererani pandodo paja. Tsinzinani, muzitsegula maso kamodzikamodzi motsata kugunda kwa ng'oma. Ngati mukutsegula maso nthawi yeniyeni imene funde lililonse likufika pamwamba, mudzalumbira kuti madzi aima malo amodzi. Mukamachedwa pang'ono pa funde lililonse, mudzaona ngati madzi akutsika pang'onopang'ono, mudzaona funde laulesi limene kulibe n'komwe. N'chimodzimodzi mateyala a galimoto m'filimu, amene amaoneka ngati akuzungulira chobwerera m'mbuyo galimoto ikuthamangira kutsogolo. Mlembi woyang'ana ka 48,000 pa sekondi akakumana ndi phokoso logunda ka 47,000, amalemba funde labodza logunda ka 1,000, ndipo limenelo ndi mluzu womveka bwino lomwe. Lamulo lake adalitsegulira njira Harry Nyquist mu 1928, Claude Shannon n'kudzalikhazika bwino chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940: uziyang'ana koposa kawiri liwiro la funde lothamangitsitsa limene likufika pandodo pako. Choncho pakhomo la ADC iliyonse yabwino pamakhala sefa yotchinga mafunde othamanga mopitirira. Sefayo iyenera kukhala kunja, mlembi asanalembe. Mukaiika mkati mwachedwa, chifukwa funde labodza ndi lenileni zavala kale malaya ofanana.

Wotchi nayo ili ndi mlandu wake, koma ndingoukhudza. Pa malipenga, woimba ng'oma akamafulumira apa n'kuchedwa apo, mzere wonse umasokonekera ngakhale ovina ali akatswiri. Wotchi ya ADC ikamanjenjemera chifukwa cha phokoso la m'magetsi, mlembi amalemba nambala yoona pa nthawi yolakwika, ndipo mawu amatuluka okhakhala.

Phokoso lina nonse mukulidziwa. Foni ili pafupi ndi sipika ya m'tchalitchi, mlaliki ali pakati pa uthenga, mwadzidzidzi mumva tititi-tititi-tititi, kenaka foni ya munthu n'kulira. Ena ankati sipika imalosera. Chimene chimachitika n'chakuti foni ikamalankhula ndi nsanja pa netiweki ya 2G, siitumiza mosalekeza. Imatumiza mwa kaphulikaphulika ka 217 pa sekondi, posinthana mpata ndi mafoni ena, ndipo mphamvu yake ikhoza kufika mawati awiri, makamaka nsanja ikakhala kutali. Waya wa maikolofoni wosatetezedwa bwino umasanduka eriyo, ampu n'kumaliza ntchito. Kumidzi kwathu kuno, kumene foni imachita kukuwa kuti nsanja iimve, phokosoli limakula kuposa m'tauni. Kulinso kulira kokhuthala kuja, mmmmm, kosasintha mawu. Kumeneko ndi kugunda kwa magetsi athu a ESCOM kapena a jenereta, ka 50 pa sekondi, kukalowa m'njira ya mawu.

Nanga amakonza bwanji? Mankhwala akale kwambiri adabadwa chaka chimodzi ndi chochitika china cha m'mbiri ya dera lino. Mu 1881 Dr Robert Laws ndi anzake adasamutsa mishoni ya Livingstonia kuchoka ku Cape Maclear kudzaikhazika ku Bandawe, ndipo manda a amishoni ena a nthawi imeneyo akadalipo kufupi ndi Makuzi. Chaka chomwecho ku America, Alexander Graham Bell adalembetsa nzeru yopota mawaya awiri a telefoni ngati chingwe. Matelefoni oyambirira ankayendera waya umodzi, magetsi n'kumabwerera kudzera m'nthaka, ndipo popeza nthaka ndi ya aliyense, anthu ankamva nkhani za eni ake ndi kugogoda kwa matelegalamu. Mukapota mawaya awiri, phokoso lochokera kunja limagwera onse awiri mofanana. Wolandira sayang'ana waya uliwonse pawokha, amayang'ana kusiyana kwa awiriwo, ndipo chimene chili chofanana pa onse chimadzifafaniza chokha. Waya wa maikolofoni wa mano atatu uja, umene amati XLR, ukugwira ntchito ndi nzeru yomweyo mpaka lero. Mkati mwa ADC zabwino namonso mawu amalowa pa miyendo iwiri pa chifukwa chomwechi. Ndiye mukaona wa zoimbira akukoka maikolofoni mamita makumi awiri pa kawaya kopyapyala ka wailesi ya m'nyumba, kolumikiza ndi selotepi, dziwani kuti njuchi waziitana yekha.

Zina ndi za opanga makina: kutalikitsa njira za analogi ndi za dijito pabolodi, kuika timakapasita pafupi ndi mwendo uliwonse womwera magetsi kuti tikhale ngati mtsuko wa madzi m'nyumba pamene mpope ukuchita befu, ndi kukuta mbali yofooka ndi kachitini. Chotupa chija mumachiona pa waya wa chaja ya laputopu si chokongoletsa. Muli mphete yomeza phokoso lothamanga lisanayende ndi waya.

Koma mankhwala amene amandigometsa ine ndi ena, ndipo pamenepa ndikhalitsapo. Anthu a m'boma lino ndi oyenda kuyambira kale, ku Joni, ku Harare, ku migodi ya ku Zambia. Lero mwana ali ku Cape Town amaimba pa WhatsApp, kuno banja lonse lazungulira foni imodzi pakhonde, aitsegula kuti aliyense amve. Taonani chimene chikuchitika. Mawu a mwanayo akutuluka pa sipika ya foni, ndipo maikolofoni ili pomwepo, kutalikirana kwake sikufika chikhatho. Mawuwo akulowanso m'maikolofoni, ena mwachindunji, ena atagunda khoma, ena kudzera m'thupi la foni, ena podutsa m'magetsi momwemo kuchoka ku DAC kupita ku ADC. Pakadapanda chochitika, mwanayo akadamadzimva yekha akubwereza mawu ake patapita kamphindi, ndipo amene zidamuchitikirapo akudziwa kuti munthu sungathe kulankhula ukudzimva wekha mochedwa. Lilime limamangika.

Apa mpanda suthandiza, chifukwa sipika ndi maikolofoni sungazilekanitse. Chimene foni imachita n'kugwiritsa ntchito mwayi umodzi: wosokonezayo ndi wa m'nyumba, ndipo zimene wanena zikudziwika. Manambala onse amene apita ku DAC foni ili nawo. Ndiye imasunga kope lake, n'kuyerekeza kuti mawu amenewa akazungulira m'chipinda muno n'kubwerera adzakhala atachedwa motani, atachepa motani. Ikatero imachotsa chiyerekezo chimenecho pa manambala ochokera ku ADC. Chotsala ndi mawu a agogo okha. Poyamba imaphonya. Koma imayang'ana chimene chatsalira, n'kudzikonza pang'ono, n'kuyang'ananso, n'kudzikonzanso, kambirimbiri pa sekondi, mpaka italidziwa khondelo. Mukalowa m'nyumba imayambanso kuphunzira, n'chifukwa chake nthawi zina mumamva kubwereza kwa mawu kwa kanthawi kochepa kenaka n'kutha. Masamu a kudzikonza kotereku adawatulukira Bernard Widrow ndi wophunzira wake Ted Hoff ku yunivesite ya Stanford mu 1960. M'zaka zomwezo za m'ma 1960 akatswiri a ku Bell Labs, mmodzi mwa iwo Mohan Sondhi, adagwiritsa ntchito nzeru yotere pa matelefoni, nthawi imene masetilaiti adayamba kunyamula mawu ndipo kupita ndi kubwera kwa liwu kunkatha pafupifupi theka la sekondi. Nzeru yomweyo ndi imene imathandiza zipangizo zambiri za intaneti kutumiza ndi kulandira pa waya umodzi nthawi imodzi, chilichonse chikuchotsa mawu ake omwe kuti chimve a chinzake.

Musatengeke nazo kwambiri, komabe. Kuchotsera kumeneku kuli ndi malire awiri, ndipo onse awiri timawaswa tokha. Oyamba: foni imachotsa chokhacho chimene ikuchidziwa. Kulira kwa chaja yachinyengo sikudadutse m'mabuku ake, ndiye ilibe kope loti ichotsere. Mapulogalamu opungula phokoso amayesetsa, koma amadya ndi mawu omwe, n'chifukwa chake munthu amamveka ngati akulankhulira m'botolo. Achiwiri: ndodo ija ili ndi pothera. Funde likapitirira msonga ya ndodo, mlembi amangolemba nambala yomaliza mobwerezabwereza, ndipo mutu wa funde wadulidwa. Palibe kompyuta padziko lapansi imene ingadziwe motsimikiza chimene chidali pamwamba pa ndodo. Ndiye kanyali kofiira ka pa mikisa kakamayaka osazima, sikakutamanda mphamvu zanu, kakulira. Anyamata athu ambiri amakhulupirira kuti zoimbira zabwino ndi zogonthetsa m'khutu, amakweza chilichonse mpaka kumapeto. Vidiyo ya ukwati ikatuluka, malonjezo a akwati osamveka, amati wojambula ndi wosadziwa ntchito.

Pa kanema napo nkhani ndi yomweyi. Maiko a chigawo chathu adagwirizana ku Geneva mu 2006 kuti pofika pa 17 June 2015 akhale atasamuka kuchoka pa kanema wa analogi kupita pa wa dijito, ndipo kuno kwathu kusamukako kudatibweretsera dikoda ya Kiliye Kiliye. Dzinalo lidalonjeza zoona, chithunzi chimayeradi. Koma walira mvula walira matope. Kanema wakale siginolo ikafooka ankachita mchenga, komabe mpira mumautsatira ndithu, mumadziwa kuti uyu ndi wa Bullets uyu ndi wa Wanderers. Wa dijito amakonza yekha manambala olakwika mwakachetechete, inu osadziwa kuti kuli nkhondo, mpaka zolakwika zitamuchulukira. Zikatero chithunzi chimasweka timabokosi, n'kuuma, n'kuzima, ndipo nthawi zambiri wosewera ali pafupi kugoletsa. M'dikoda iliyonse, kaya ya eriyo kaya ya dishi, muli ADC yolandira siginolo yofooka kwambiri imene yayenda ulendo wautali. Pulagi ya waya wa eriyo ikachita dzimbiri ndi chinyezi cha kunyanja kuno, kapena wayayo akagona limodzi ndi waya wa inveta, mwaipatsa ntchito yoposa msinkhu wake. Ku Britain, pamene 4G idayamba kuyenda pa 800 MHz mu 2013, pafupi ndi mafunde a kanema, nyumba zokhudzidwa zidapatsidwa tisefa tomangirira pa waya wa eriyo. Ngakhale kumeneko, mankhwala adali pakhomo.

Ine ndikuona kuti mdani wathu wamkulu m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ndi katundu wotchipa wamagetsi. Sola yatithandiza, palibe wotsutsa. Koma chaja yopepuka ngati chikopa cha mtedza imapepuka chifukwa wopanga adachotsamo tizipangizo tosefa phokoso kuti apindule. Foni imadzaza ndithu, ndiye wogula saona cholakwika, mpaka tsiku limene wailesi ya agogo iyamba kulira nthawi iliyonse mdzukulu akatchaja. Mainveta otchipa nawonso satulutsa funde losalala ngati la ESCOM, amatulutsa lamakonamakona, ndipo makona amenewo ndi phokoso lokhalokha. A Malawi Bureau of Standards ndi a MACRA, amene ali ndi udindo woona za katundu ndi zipangizo zolumikizirana, atithandize kuyang'anitsitsa zimene zikulowa m'misika yathu. Ife ogula tiziyesa chaja pafupi ndi wailesi yotsegula tisanapereke ndalama.

Chenjezo limodzi ndisaliiwale, chifukwa ili ndi la moyo. Pali amisiri ena amene akamva kulira kwa mmmmm amathamangira kudula waya wa efi, kapena kuthyola dzino lalitali la pulagi. Phokoso limathadi nthawi zina. Koma waya umenewo ndi umene umateteza munthu wogwira maikolofoni tsiku limene ampu yawonongeka mkati, ndipo kuno timaimba titaponda mchenga wonyowa. Musadule. Lumikizani zoimbira zonse pa soketi imodzi, ndipo pakati pa laputopu ndi mikisa ikanipo kabokosi kolekanitsa kamene oimba amakatcha DI. Mtengo wake sufika wa sipika imodzi.

Tsono inu amene mwapatsidwa makiyi a zokuzira mawu ku tchalitchi, ku mzikiti, ku sukulu kapena pa maliro, sabata ino fikani msanga anthu asanasonkhane. Yatsani zonse, mutsitse nyimbo, mutchere khutu. Mukamva njuchi, zulani zinthu chimodzichimodzi, kuyambira chaja, ndipo pamene phokoso lasiyira m'pamene pali wolakwa. Waya wa maikolofoni muutalikitse ndi wa magetsi, akakumana adutsane mopingasa. Mafoni achoke patebulo la mikisa. Kanyali kofiira kakayaka, tsitsani.